Ndinatsitsa sipeya kuti chikuku cha mkazi wanga chikwane

Aphungu,

Ndiyambe ndi zimene sindikufuna kumva, kuti tisatayitsane nthawi. Musandiuze kuti ndiimike galimoto mpaka Epulo. Mawu amenewo ndawamva kwa mwana wanga, kwa anamwino, ngakhale kwa wogulitsa matayala, ndipo onsewo ndawayankha chimodzimodzi. Kwa inu ndabwera kudzafuna njira. Mayina sindibisa, poti kuno ku Torsby nkhaniyi yafika kale pakhomo lililonse.

Ndili ndi zaka 74, ndinali mphunzitsi wa masamu. Mkazi wanga Gunnel akutha chaka chachiwiri kunyumba yosamalira okalamba chifukwa cha matenda oiwala. Mwana tili naye mmodzi, Pernilla, amagwira ntchito ku Karlstad, ndipo liuma anatengera kwa ine.

Tili ndi kagalimoto kobiriwira ka mipando iwiri, kaja kothamanga, kotsegula denga. Tinakagula chaka chimene Pernilla anachoka pakhomo, ndipo anakasankha ndi Gunnel. Ine ndinkafuna ngolo yogonamo popita kutchuthi. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Evert, zaka makumi awiri ndanyamula ana a eni ndi matumba a mbatatesi. Pano ndikufuna galimoto yoti munthu wachitatu asakwanemo." Nkhani inathera pomwepo.

Monga amachitira aliyense wa galimoto zotere, sabata yoyamba ya Okutobala, chisanu chisanayambe, ndinkakasiya kagalimotoko m'khola lakale la ng'ombe la mnzathu wina, pamodzi ndi galimoto khumi ndi zinayi za kagulu kathu. Timachotsa mabatire, kuika sopo pamipando kuti mbewa zisabwere, kufunditsa nsalu, kenako khofi ndi mabanzi a sinamoni, amuna akuluakulu tili ndwii ngati tabwera pamaliro. Zaka 26 zonsezi matayala ake sanapondepo chipale chofewa. Kukazizira ndimayendera galimoto yanga ina, yaikulu, ya matayala a misomali yogwira pa ayezi.

Chaka chino kukhola sindinapiteko, ndipo chifukwa chake n'ichi. Kuyambira mu Meyi, ndikalowa m'chipinda mwa Gunnel sandizindikira. Amandipatsa moni waulemu, nthawi zina n'kundifunsa ngati ndabwera kudzakonza mpope. Koma Lamulungu lina ndinaimika kagalimotoko pansi pa windo lake injini ikulira, ndipo akuti anauza namwino kuti, "Ndipatseni mpango wanga. Evert wafika, ndipo wachedwa monga mwa masiku onse." Aphungu, ndinalira nditagwira chiwongolero, munthu wamkulu ngati ine. Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse timayenda ola limodzi, ndipo ola limenelo ndimakhala mwamuna wake. Amandinyoza kuti magiya ndimasintha ngati ndikuthyola nkhuni, amaika dzanja pabondo langa, amandifunsa ngati ndatseka chitseko chakumbuyo kunyumba. Tikabwerera, akangotsika n'kukhala pa chikuku chake, basi ndasandukanso wokonza mipope. Ndinayesapo kumutenga pa galimoto yaikulu ija. Anakana kwamtuwagalu, amvekere, "Sindikwera galimoto za anthu osawadziwa."

Dokotala sanandibisire. Anati matendawa akuthamanga, ndipo zimene Gunnel akukumbukira lero palibe angalonjeze kuti adzazikumbukirabe mu Epulo. Choncho amene akundiuza kuti ndidikire, akundiuza kuti ndidikire munthu amene mwina sindidzamupezanso.

Mu Okutobala ndinapita kwa Conny, yemwe wakhala akundisinthira matayala kwa zaka makumi atatu, ndipo kale anali mwana wanga wasukulu. Ndinamuuza kuti misomali sindikufuna, chifukwa phokoso lake pa tala wouma limamusokoneza Gunnel. Amati kukugwa matalala, n'kuyamba kuvutika kuti akaanule zovala. Ndinali nditawerenga za matayala amene amati ndi a nyengo zonse, ndipo anayi ndinali nditaitanitsa kale pa intaneti. Conny anagubuduza limodzi, analidina ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, awa ndi a anthu akummwera, kumene chipale chimagwa Lolemba n'kusungunuka Lachiwiri. Kuno mukuwafunira chiyani?"

"Taona chizindikiro cha phiri ndi chipale icho," ndinatero. "Lamulo likuwalola."

"Lamulo limalolanso nkhalamba kusambira m'nyanja mu Januwale. Apolisi sakugwirani, aphunzitsi, koma ngalande ikugwirani."

"Iwe masamu unkalephera. Ingomanga matayalawo."

Anamanga, akung'ung'udza mpaka bawuti lomaliza.

Tsopano za sipeya. Buti ya kagalimotoka ndi yaing'ono ngati sutikesi. Mumalowa chinthu chimodzi basi, katayala kowonda kapadera kaja, apo ayi chikuku cha Gunnel chitapindidwa. Chilimwe chonse sipeya inali itatsamira khoma m'galaja, ine ndikuyenda ndi kabotolo ka mankhwala omatira tayala ndi kapampu. Conny sindinamuuze zimenezi, Pernilla sindinamuuzenso.

Lamulungu lachiwiri la Novembala kunacha bwino, kunja kuli ngwee, madigiri 6 pansi pa ziro. Msewu unkaoneka wouma. Tinalowa kamsewu ka m'nkhalango kopita kutchalitchi kumene tinadalitsira ukwati wathu, Gunnel akuimba. Pakona ina yamthunzi, titangowoloka kamlatho, ndinangomva kumbuyo kwa galimoto kukufuna kundipitirira. Sindinkathamanga, ndikulumbira, ndinali pa 50. Tinazungulira pang'onopang'ono, tayala lakumbuyo n'kumenya mwala, ife m'ngalande khu, chambuyo.

Palibe anavulala. Koma paipi ya utsi inakwiririka m'matope ndi chipale, utsi n'kuyamba kulowa m'kati, ndiye ndinazimitsa injini. Foni m'nkhalango imeneyo siigwira. Injini itangoti zii, Gunnel anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, mwamuna wanga walowera kuti?" Ndinamufunditsa jekete langa pamwamba pa kabulangete ka pamiyendo. Denga la galimotoyi ndi nsalu chabe, mwakuti pasanathe mphindi khumi m'kati munazizira ngati panja. Tinakhala pamenepo mphindi makumi asanu. Milomo yake inayamba kusintha mtundu, ine ndikuti ndimutikite manja, iye akuwabweza poti sakundidziwa.

Anatipeza ndi alenje awiri akuchokera kosaka. Anatikoka ndi chingwe, mphindi ziwiri galimoto ili pamsewu. Apo m'pamene tinaona kuti tayala lang'ambika m'mbali, chibowo choti n'kulowetsa zala zitatu, moti kabotolo kanga kaja kanalibenso ntchito. Mmodzi anati, "Tsegulani buti, madala, tikusinthireni msangamsanga mayiwa akafunde." Ndinatsegula. Anayang'ana chikuku, anandiyang'ana ine. Tinachita kumunyamula Gunnel kumulowetsa m'galimoto yawo, pakati pa mfuti ndi galu, iye akukuwa kuti akumuba, akuitana dzina langa, ine ndili pambali pake pomwepo nditamugwira. Kukuwa kumeneko mpaka lero sikunachoke m'makutu mwanga.

Gunnel anagona sabata yathunthu ndi chifuwa, pano wachira. Pernilla anabwera kwathu mawa lake la ngoziyo, n'kulowa mpaka m'khitchini osavula n'komwe nsapato.

"Ababa, amayi si katundu woti muziyesera matayala. Mukadzangowatenganso nyengo ino, ndikasiya kalata kunyumba kuja kuti asamakupatseni."

"Ndi mkazi wanga," ndinatero.

"Ndi mayi anganso. Inu muli ndi ola lanu Lamulungu. Ine zaka ziwiri sananditchulepo dzina, koma sindinakawaike m'ngalande."



Patha masabata atatu. Dzulo namwino wina anandinong'oneza kuti Lamulungu masana Gunnel amakhala pa windo, mpango uli m'manja, mpaka kunja kutada. Mtima wanga sungapirire zimenezo, ndipo ndatsimikiza. Kulakwa kwanga ndikuvomera, sindinayenera kusiya sipeya. Ndiye ndagula tayala lina la nyengo zonse kulowa m'malo mwa long'ambikalo, ndipo ndikufuna kumangitsa kachitsulo konyamulira katundu pamwamba pa buti kuti sipeya izikhala pamenepo, chikuku m'kati. Lamulungu likudzali ndipita, Pernilla afune asafune. Kodi pamenepa pali china chimene ndaiwala? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani, kapena ndingopita mwakachetechete adzamve zitatha?

E.L., Torsby

A E.L.,

Mwandiletsa kunena kuti muimike galimoto, ndipo sindinena. Mkazi wanu akukudikirani, pitani. Koma mmene mwakonzeramu ayi, ndipo poti mwandiputa nokha, mumva zonse.

Mwavomera mlandu waung'ono kuti muzembe waukulu. Chimene chinakugwetsani m'ngalande si sipeya yotsala m'galaja, ndi matayala. Sipeya ikanakhala m'buti, galimoto ikanazungulirabe pakona paja, ndipo mphindi makumi asanu zija mukanazikhalabe. Conny masamu ankalephera, koma mayeso awa wakhoza ndi iye. Wakutsina khutu ndi mnansi, inu munamubweza ndi chipongwe.

Ine ndinayendetsa galimoto ya makalata m'misewu ya m'nkhalango ngati imeneyo kwa zaka 19, ndiye ngalande ndimazidziwa ndi m'kati momwe. Matayala a nyengo zonse si achinyengo. Pamvula ndi pachipale chonyowa chakummwera amagwira bwino ntchito. Koma kukazizira zenizeni, pa madzi oundana osaoneka aja amene amabisala pamthunzi ndi pamilatho, sagwira pansi ngati matayala opangidwira kuno. Onjezani kuti kagalimoto kanu n'kopepuka, kamakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko kulibe cholemera. Onjezaninso ichi, ngakhale chikuwaweni: zaka 26 mwakayendetsa padzuwa pokha. Pachisanu, m'kagalimoto kameneko, ndinu wophunzira.

Mawa m'mawa gulani mabanzi, mupite kwa Conny mukapepese. Mumuuze akupezereni matayala a m'chisanu enieni, akuno kumpoto, aja a mphira wofewa opanda misomali. Salira pa tala, choncho Gunnel sadzamva matalala. Akhale anayi onse, osati awiri akumbuyo okha, pa malimu awoawo, zitsulo zija amavekapo matayala, ndipo ngati buku la galimotoyo likulola ocheperako m'lifupi, tengani amenewo. Gulani asanu, lachisanulo muona ntchito yake posachedwa. A nyengo zonse aja musataye, adzakuthandizani chipale chikadzasungunuka. Dziwaninso kuti pa ayezi wosalala ngakhale matayala amenewa safika pa misomali, n'chifukwa chake kamsewu ka kutchalitchi mutsanzikane nako nyengo ino. Conny akamanga, kalembetseni tsiku pabwalo loterera limene amaphunzitsirapo oyendetsa atsopano, mukazungulirezungulire mpando winawo uli wopanda munthu, mpaka manja anu adziwe chochita kumbuyo kukathawa.

Za sipeya yanu, pitani m'galaja mukawerenge manambala anayi omaliza olembedwa m'mbali mwake. Awiri akumapeto ndi chaka chimene inapangidwa. Ndikubetcha kuti ndi yomwe ija inabwera ndi galimoto. Mphira wa zaka 26, wowonda ngati wa njinga yamoto, wosapangidwira chisanu, mukufuna kuuika kumbuyo pa chipale mkazi wanu ali m'kati? Ndipo taganizirani mmene zingakhalire: munthu wa zaka 74 atagwada pa ayezi ndi jeke, zala zitachita dzanzi, mabawuti akukana, wodwala akuzizidwa pambali. Kachitsulo kamene mukufuna kumangitsako n'konyamulira dengu la chakudya m'chilimwe, kasiyeni m'sitolo.

Sipeya imene mukufunika inu ndi galimoto yachiwiri. Galimoto yanu yaikulu ya misomali ija izikutsatirani m'mbuyo ulendo uliwonse, itanyamula tayala lachisanu lija, chikuku, chingwe, fosholo, mabulangete aubweya ndi khofi wotentha. M'buti mwa kagalimoto muike zofunda ndi kathumba ka mchenga kuti kumbuyo kulemereko. Zikadzavuta, mwina Gunnel adzaliranso posamutsidwa, koma kulira mphindi zisanu m'galimoto yofunda n'kosiyana ndi zimene munaona tsiku lija. Woyendetsa musamusowe. Mwandiuza nokha kuti muli ndi anzanu khumi ndi anayi amene galimoto zawo zagona m'khola. Amenewo Lamulungu amangopukuta masipanala ndi kusowetsa mtendere akazi awo. Lembani ndandanda, mphunzitsi ndinu, aliyense adziwe sabata yake. Sindikukhulupirira kuti pali amene adzakane. Vuto n'lakuti simunapemphe, chifukwa kupempha kukanafuna kuti muulule zimene munkabisa.

Ulendo wake ukhale wa theka la ola, dzuwa lili pamwamba, pamsewu waukulu wothiridwa mchere kumene foni imagwira. Gunnel sakuwerenga makilomita. Chimene chimamubweza ndi kulira kwa injini, mpando wake, ndi inu pa chiwongolero. Tsiku limene msewu waukulu suli bwino koma pabwalo la nyumba ya okalamba ija athirapo mchenga, ingozungulirani malo oimika galimoto a panyumba pomwepo kangapo, iye akunyozeni za magiya, mubwerere. Pobwera kunyumba muzitsuka kunsi kwa galimoto, chifukwa mchere ndi chitsulo cha zaka zimenezo sizimvana.

Tsopano Pernilla. Musapite mwakuba. Mukatero kalata ija idzalembedwa, anamwino adzaitsatira, ndipo mudzataya mkazi ndi mwana tsiku limodzi. Muimbireni lero, ndipo muyambe ndi mawu amene m'kalata yanu yonseyi sindinawaone: kuti munanyoza chenjezo, munabisa, ndipo munaika moyo wa mayi ake pachiswe. Mukatero mumuonetse matayala, ndandanda ya anzanu ndi msewu umene mwasankha. Mumupatse mphamvu yoti Lamulungu lililonse m'mawa aziona za nyengo n'kunena kuti inde kapena ayi, ndipo akati ayi musayambe zokambakamba. Masabata awiri kapena atatu amene zonsezi zitenge ndi ochepa poyerekeza ndi kutsekeredwa chitseko mpaka Epulo.

Komanso, kodi munamva bwino zimene anakuuzani m'khitchini muja? Sankanena za ngalande yokha. Mwanayo ali ndi njala ya mayi ake, ndipo wakhala akukuonererani mukudya nokha. Lamulungu lina, naye atapita kaye pabwalo loterera lija, mumupatse makiyi, inu mukhale m'galimoto yam'mbuyo. Sindikulonjeza kuti Gunnel adzamuzindikira. Mwina adzamutchula kuti Evert, mwina adzakana kukwera. Koma aloleni ayesere, ola limenelo si lanu nokha.

Chenjezo langa lomaliza n'ili. Ndakhala m'banja zaka makumi anayi, ndipo ndikudziwa kuti anthu awiri akakhala m'galimoto, mmodzi amakhala wonena kuti tipitirire, winayo wonena kuti tibwerere. Kwanu sindifunsa n'komwe kuti wachiwiriyo anali ndani. Gunnel sangathenso kuyang'ana kumwamba n'kuona kuti kukubwera zoipa. Adzakwera tsiku lililonse limene mudzafike, ngakhale kunja kuli chimphepo, chifukwa amakukhulupirirani ndi mtima wonse. Ntchito yake yonena kuti tibwerere yatsala m'manja mwanu. Lidzafika Lamulungu lina mu Januwale, matayala ali bwino, Pernilla atavomera, mnzanu atafika kale ndi galimoto yam'mbuyo, koma inu poponda pakhomo mudzamva kuti pansi pakuterera. Tsiku limenelo kagalimoto kasatuluke. Mudzapite ndi galimoto yaikulu, mulowe m'chipinda mwake, akupatseni moni ngati mlendo, ndipo mukhale naye ola lonselo asakukudziwani. Zidzawawa kwambiri, koma mudzapirire, kuti Lamulungu linalo mudzamupeze ali moyo.

Aphungu